Tsiku lopanda doko: munthu azichita chiyani pakati pa nyanja?

 Sabata ino ndasiya kaye za silabasi ndi za mayeso. Ndikufuna tikambirane za sitima zapamadzi zikuluzikulu zija zonyamula anthu opita kokasangalala, zimene pa Chingerezi amati cruise ship. Ndikudziwa kuti wina waseka kale, akuti mphunzitsi wa malipiro athu ano ndi cruise zikukhudzana pati? Lezani mtima. Ena mwa ana athu ali ku Durban ndi ku Johannesburg akukwera sitimazi, ena akugwiramo ntchito, ndipo nkhani yakeyi ikufika mpaka pakhomo pa sitafurumu.

Paulendo wa sitima zoterezi pamakhala masiku a mitundu iwiri. Pali masiku amene sitima imakocheza padoko, anthu n'kutsika kukaona malo, kukagula ziboliboli, madzulo n'kubwerera. Ndiye pali masiku amene sitima siima paliponse. Dzuwa limatuluka muli pamadzi, n'kukalowa mukadali pamadzi. Eni ake amati sea day. Palibe kotsikira, palibe msika, palibe phiri loti uloze. Anthu masauzande atsekeredwa m'nyumba imodzi yoyandama, mimba zili zokhuta, ntchito palibe. Funso langa ndi lakuti, tsiku loterolo ndi la ndani? Ine ndikuti ndi la wapaulendo, ndipo ndi tsiku labwino kuposa onse paulendowo. Koma makampani ambiri a sitima analilanda, ndipo amamugulitsa mwini wake pang'onopang'ono ngati mchere wa pa supuni.

Tiyambe ndi chifukwa chimene masikuwa amakhalirapo. Choyamba ndi mtunda. Sitima zambiri zimayenda pa liwiro la pafupifupi makilomita 35 kapena 40 pa ola, liwiro loti minibasi ya pa msewu wa M1 ingazisiye kutali. Madoko akatalikirana, palibe kuchitira mwina. Chachiwiri ndi mafuta, chifukwa sitima ikamayenda pang'onopang'ono imamwa mafuta ochepa. Koma chachitatu ndi chimene sanena mokweza. Munthu akatsika padoko, ndalama zake amakadyetsa anthu akumtunda. Akakhala m'sitima tsiku lonse, kachikwama kake kamatsegukira momwemo. Malipoti a zachuma a makampani akuluakulu monga Carnival ndi Royal Caribbean a chaka cha 2023 amaonetsa kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama zimene anapeza silinachokere ku matikiti, koma ku zimene anthu amagula atakwera kale: mowa, juga, zithunzi, intaneti, kusisitidwa thupi, maulendo a padoko ndi zina. Komanso kawirikawiri kasino ndi mashopu a m'sitima amakhala otseka sitima ikakhala padoko, chifukwa cha malamulo a dziko limene yakochezalo. Amatsegula ikatuluka m'madzi a dzikolo, omwe malire ake amafika makilomita 22 kuchokera kugombe. Ndiye taganizani nokha kuti kwa mwini sitima, tsiku la phindu ndi liti.

Madzulo aliwonse wapaulendo amalandira ndandanda ya zochitika za mawa lake, kale inali pepala loika m'chipinda, masiku ano nthawi zambiri imabwera pa foni. Mtsikana wina amene ndinamuphunzitsa Geography zaka zapitazo, yemwe anagwirako ntchito yoperekera zakudya m'sitima, anandionetsa mapepala angapo otere atabwera kutchuthi. Ndinawawerenga ndi diso la munthu amene wakhala akulemba taimutebulo ya sukulu kwa zaka zambiri, ndipo ndinachita kuvula chipewa. Kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka pakati pa usiku palibe mpata. Masewera olimbitsa thupi, mpikisano wa mafunso, kuphunzira kuvina, kuphunzira kupinda thaulo kuti lioneke ngati njovu, bingo, kanema, oyimba pafupi ndi dziwe losambira, mpikisano wa amuna odumphira m'madzi chamimba. Pa ola limodzi pamakhala zinthu zisanu kapena kuposa.

Koma ukayang'anitsitsa umaona kuti zambiri mwa zimenezi ndi msika wovala suti. Pali "phunziro" la momwe ungachepetsere mimba, limene limathera pokuuza kuti ugule mankhwala a ku spa. Pali "phunziro" la miyala ya mtengo wapatali, mphunzitsi wake ndi wogulitsa mphete. Pali kugulitsa zojambula pa okushoni, kumene amayamba akupatsa kagalasi ka vinyo kaulere kuti dzanja lipepuke pokwezeka. Ifetu tikudziwa kusiyana kwa munthu amene akukuphunzitsa ndi amene akukunyengerera. Wogulitsa mankhwala a mano m'basi ya ku Mzuzu nayenso amayamba ndi phunziro.

Chitsanzo chachikulu cha maganizo amenewa ndi Icon of the Seas, sitima ya Royal Caribbean imene inayamba maulendo ake ku Miami mu January 2024. Ndi yaitali mamita 365. Ilala yathu ija ndi mamita 52, ndiye kuti mungandandalike ma Ilala asanu ndi awiri kuti mufike kumapeto kwake. Ikadzaza imanyamula apaulendo okwana 7,600, ndipo pamwamba pa amenewa pali antchito oposa 2,300. Ili ndi maiwe osambira asanu ndi awiri, mipita isanu ndi umodzi yotsetserekamo ndi madzi, bwalo la madzi oundana lochitirapo masewera, ngakhale paki ya mitengo yeniyeni pakati pake. Sindikunyoza luso la amisiri a ku Turku ku Finland amene anaimanga. Koma chimene chimandidabwitsa n'chakuti munthu angathe kukhalamo sabata yathunthu osakumbukira kuti ali panyanja. Walipira ndalama zambirimbiri kuti apite pakati pa nyanja, ndipo sitima yonse yamangidwa mwakuti asaione nyanjayo.

Kale sizinali choncho, ndipo apa mpamene mbiri yathu ikulowa. Atsamunda, amishonale ndi aphunzitsi ambiri amene ankabwera ku Nyasaland ankabwera pa sitima za kampani ya Union-Castle. Zonyamula makalata zinkanyamuka ku Southampton Lachinayi lililonse 4 koloko madzulo, n'kuyenda pafupifupi milungu iwiri kukafika ku Cape Town. Mu 1965 anafupikitsa ulendowo kufika masiku khumi ndi limodzi ndi theka, ndipo mu 1977 maulendowa anatheratu, ndege zitalanda msika. Sitima zina za kampani yomweyo zinkafika mpaka ku Beira, kumene munthu ankakwera sitima ya pamtunda yobwera kuno. Pa ulendo wa ku Cape Town, kupatula kuima pang'ono ku Madeira kapena ku Las Palmas, masiku onse anali a pamadzi.

Nanga ankatani masiku onsewo? Apaulendo ankasankhana okha komiti ya zamasewera. Komitiyo inkasonkhetsa tindalama ta mphotho, n'kukonza mipikisano: kuponya mikombero ya chingwe pa chikhomo, kukankha timatabwa tozungulira pa manambala olembedwa pansi, kukokana chingwe, ngakhale kiriketi yosewera mkati mwa ukonde kuti mpira usagwere m'madzi. Kunkakhala usiku wovala zoseketsa, aliyense kusoka chovala chake ndi zimene wapeza. Tsiku lililonse anthu ankabetcherana kuti sitima yayenda mamailosi angati kuyambira dzulo masana, yankho n'kulengezedwa 12 koloko. Podutsa pa Equator ankachita mwambo wa Mfumu Neptune, wina kuvala ndevu zabodza n'kumaweruza amene akudutsa mzerewo koyamba, chilango chake kupakidwa thovu ndi kuponyedwa m'dziwe. Mwambo umenewu sitima zina zimauchitabe.

Ndisanamizire kuti inali paradaiso. Sitimazo zinali ndi magulu, a First Class kwawo, ena kwawo, ndipo tonse tikudziwa kuti anthu a khungu lathu malo awo anali ati m'dziko limene sitimazo zinkapita. Chimene ndikutolapo n'chimodzi chokha. Zosangalatsa zinkachokera kwa apaulendo eni ake. Munthu ankafika ku Cape Town akudziwa kuti uyu amaimba, uyu ndi wabodza pa makhadi, uyu amatha kutsogolera anzake. Lero ntchito yonseyo ili m'manja mwa munthu wolembedwa ntchito, cruise director, ndi gulu lake. Wapaulendo wasanduka woonerera.

Nditati ndipatsidwe tikiti lero, ndingasankhe Queen Mary 2 ya kampani ya Cunard, imene inayamba kuyenda mu 2004. Imawoloka nyanja ya Atlantic pakati pa Southampton ndi New York, mtunda woposa makilomita 5,500, kawirikawiri mausiku asanu ndi awiri, popanda doko ngakhale limodzi pakati. Ulendo wonse ndi sea day. Nayonso ili ndi kasino ndi mashopu, si tchalitchi ayi. Koma ili ndi laibulale ya mabuku oposa 8,000, yokhala kutsogolo kwa sitima, mipando yake itayang'ana kumadzi. Ndi sukulu zingati za sekondale kwathu kuno zimene zili ndi mabuku ochuluka choncho? Ili ndi chipinda choonetsera nyenyezi padenga, chimene amati planetarium. Masana kumakhala nkhani zokambidwa ndi akatswiri a mbiri, a sayansi, olemba mabuku, anthu oti akamaliza kulankhula sakugulitsa kanthu. Pali khonde lozungulira sitima yonse, ukalizungulira katatu wayenda pafupifupi makilomita awiri. Cha m'ma 3 koloko masana kuli tiyi m'holo yovinira. Zochita zilipo, koma zasiya mipata, ndipo zambiri zimakulozera kunja, kunyanja ndi kumwamba, m'malo mokulozera ku kauntala.

Aphunzitsi anzanga a Geography, tamverani ichi. Pakati pa England ndi New York pali kusiyana kwa maola asanu. Ndege imakuponyera maola onsewo kamodzi, n'kufika mutu uli zii. Sitima imawagawa. Popita kumadzulo, wotchi imabwezedwa ndi ola limodzi kasanu paulendowo, ndiye kuti masiku asanu amakhala a maola 25. Pobwerera amakhala a maola 23. Chija timavutika nacho pa bolodi, chakuti dziko limazungulira madigiri 15 pa ola lililonse, kuti New York ili pa madigiri 74 kumadzulo n'chifukwa chake ili m'mbuyo ndi maola asanu, munthu wa m'sitima amachimva m'thupi mwake. Ndipo 12 koloko masana woyendetsa sitima amalengeza pamene afika, latitude ndi longitude yake, mtunda umene ayenda ndi umene watsala, komanso nyengo. Mwana wa Fomu 3 atamva zimenezi masiku asanu ndi limodzi otsatizana ali ndi mapu m'manja, funso la nthawi ndi longitude silingamugwetsenso pa MSCE.

Ine nyanja yamchere sindinayendepo. Yanga ndi Ilala, imene ndinakwera kangapo pakati pa Nkhata Bay ndi Likoma. Ilala si cruise, ndi basi ya anthu a kuzilumba ndi a m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja yopanda misewu. Inapangidwa ku Scotland mu 1949, n'kubwera zidutswazidutswa kudzera ku Mozambique, kulumikizidwa ku Monkey Bay, n'kuyamba ntchito mu 1951. Mulibe cruise director, mulibe ndandanda. Koma sindinaonepo munthu atasowa chochita. Pansi, pakati pa matumba a usipa ndi a chimanga, amayi ankalukana tsitsi, anyamata ali pa makhadi, wina akulalikira, wina akutsutsa. Pamwamba alendo ochokera kunja ali ndi mabuku awo. Paulendo wina ndinakhala maola angapo ndi bambo wina wachikulire, msodzi, amene anandiphunzitsa kusiyanitsa mphepo ya mwera ndi ya mpoto poyang'ana mafunde, ndi kundionetsa mitambo ya nkhungu, tizilombo tija timatuluka m'madzi ngati utsi. Zimenezi zinatheka chifukwa tonse awiri tinalibe kothamangira 10 koloko.

Tsono ndimve mbali ya otsutsa, chifukwa ndikudziwa kuti mu sitafurumu simusowa. Wina anena kuti palibe amene amakakamizidwa, ndandanda ndi yongosankhapo, ukafuna ukhoza kugona tsiku lonse. N'zoona, ndipo apa sitima yatiposa ife a sukulu. Koma kusankha kumavuta pamene zokuzira mawu zikukuitana mphindi iliyonse, nyimbo zikugunda paliponse, ndipo mipando ya pafupi ndi dziwe anthu anaiika kale mathaulo m'bandakucha. Malo a chete m'sitima zambiri zatsopano ndi ochepa, ndipo ena mwa iwo ndi olipiritsa. Laibulale ikapezeka imakhala kachipinda kakang'ono. Chete wasanduka katundu wa anthu a ndalama.

Wina anena za ana. Banja la ana atatu pakati pa nyanja popanda chochita, si tchuthi chimenecho koma chilango. Apa ndikuvomereza, ndipo makalabu a ana a m'sitima, amene amagawa ana potengera misinkhu, ndi chinthu chanzeru. Amene anakwerako sitima za MSC zochokera ku Durban kupita ku Portuguese Island kapena ku Pomene ku Mozambique, maulendo a mausiku atatu kapena anayi, amanena kuti anthu amapitako kukavina ndi kukaiwala mavuto, osati kukawerenga. Ndi ufulu wawo. Munthu amene wagwira ntchito chaka chonse ku Joni sindingamuuze kuti akamvere nkhani ya nyenyezi. Chimene ndikupempha n'chakuti pakhale malo a onse, wovina ndi wongokhala.

Ndipo anthu osangalatsa anzawo m'sitima sindiwapeputsa. Pa 4 August 1991 sitima yotchedwa Oceanos, imene inkachokera ku East London kupita ku Durban, inamira pafupi ndi Coffee Bay. Akuluakulu ena oyendetsa sitimayo anali m'gulu la oyamba kuchoka. Amene anatsala n'kutsogolera ntchito yopulumutsa anthu anali oyimba ndi ochita zisudzo. Woyimba gitala, Moss Hills, ndiye analankhula pa wailesi kupempha thandizo, n'kumamangirira anthu pa zingwe za ndege za helikopita. Anthu onse 571 anapulumuka. Munthu wozolowera kugwira gulu la anthu ndi mawu ake, tsiku la tsoka amasanduka mtsogoleri. Mphunzitsi aliyense amene anatontholetsapo holo ya ana 400 akudziwa mphamvu imeneyi.

Tsopano ndibwere kwathu. Chimene chinandigwira mtima pa mapepala a mtsikana uja n'chakuti ndinazindikiramo mantha athu omwe. Mwini sitima amaopa kuti wapaulendo akakhala ola limodzi osachita kanthu, anyong'onyeka, adandaula, sabweranso. Ifenso timaopa kuti mwana akakhala ola limodzi wopanda mphunzitsi patsogolo pake, awonongeka. Ndiye tadzaza tsiku lake: phunziro la m'mamawa belu lisanalire, makalasi, patithaimu masana, pulepu usiku, Loweruka mayeso, patchuthi sukulu ya chilimwe. Ndipo tinene chilungamo, monga m'sitima muja, gawo lina la zodzazadzazazi lili ndi mtengo wake umene kholo limalipira. Masana amene kale anali a makalabu, Wildlife, Debate, Drama, m'sukulu zambiri anamezedwa ndi "kumaliza silabasi". Inu amene munaphunzira zaka zapitazo, kumbukirani kuti sewero limene munapita nalo ku mpikisano munalikonza nthawi yanji, ndipo analikonza ndani. Munali komiti ya Union-Castle inu, osadziwa. Mwana wa lero amadikira kuti auzidwe chochita, ndipo akafika ku koleji kumene kulibe womulondalonda, masana aulere amamusokoneza mutu.

Sindikunena kuti sitima singakhale sukulu. Ku America kuli pulogalamu yotchedwa Semester at Sea, imene inayamba mu 1963, ndipo kuyambira 2016 maphunziro ake amayang'aniridwa ndi Colorado State University. Ophunzira a ku yunivesite amayenda pa sitima masiku pafupifupi 100 kuzungulira maiko. Masiku a pamadzi ndiwo a kalasi, masiku a padoko ndi okaona ndi maso zimene aphunzira. Malemu Archbishop Desmond Tutu anayenda nawo ulendo wathunthu mu 2010, akudya ndi kucheza ndi ophunzira. Taonani kuti ngakhale iwo, amene cholinga chawo ndi maphunziro enieni, anaona kuti kucheza ndi mkulu wotere pa tebulo la chakudya ndi gawo la sukulu. Sanamulembe pa taimutebulo kuyambira m'mawa mpaka usiku.

Chomaliza ndi cha inu ana anga amene mumandilembera kufunsa za ntchito za m'sitima, mutaona zithunzi za anzanu pa Facebook ataima pa khonde dzuwa likulowa. Tsiku limene wapaulendo amalitcha lopuma, kwa wantchito ndiye lolemetsa kuposa onse, chifukwa anthu onse ali m'kati, onse akufuna kudya nthawi imodzi, mabala adzaza, mathaulo akutha. Makontirakiti a operekera zakudya ndi okonza m'zipinda amatenga miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa, ndipo ntchito ndi ya tsiku lililonse, kulibe Lamulungu. Pangano la maiko lotchedwa Maritime Labour Convention la 2006, limene linayamba kugwira ntchito mu 2013, limati wantchito wa panyanja apume maola osachepera 10 pa maola 24 aliwonse, ndi maola osachepera 77 pa masiku asanu ndi awiri. Werengani bwino masamu ake. Sabata ili ndi maola 168. Mukachotsapo 77 patsala 91, ndipo amenewo ndi maola amene lamulo limalola kuti munthu agwire ntchito pa sabata imodzi. Musanasaine pepala lililonse, funsani kuti sitimayo ili ndi ma sea day angati pa ulendo umodzi, ndipo musapereke ndalama kwa munthu amene akuti akupezerani malo musanaone kontirakiti.